Manja a Anesi a ku Dedza

Amayi anga, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Nkope tilipo. Sadaka yanu inayenda bwino, mpunga unakwanira aliyense. Mwanaisha wabereka mwana wamkazi, mphuno ngati yanu. Chimanga chokha chatikana chaka chino, ndipo mbuzi za a Jafali zamaliza chinangwa chija munadzala kuseri.

Nkhani yaikulu ndi ya achimwene a Saidi. Paja munatisiya apolisi atawatenga chifukwa cha zimene analankhula padoko zokhudza makadi a chipani. Awatulutsa, Amayi. Koma anabwera miyendo ili zilonda zokhazokha, fungo lake ngakhale akazi awo ankathawira panja. Tinawagoneka kuchipatala ku boma, wowadikirira ndinali ine.

Kumeneko tinapeza anesi ena a ku Dedza, a Nachisale. Sindinaonepo munthu akugwira ntchito mokongola chonchija. Ankagwada pansi, kuyesa madzi ndi chigongono, n'kumatsuka chilonda pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda, nkhope osakwinya. Akamakulunga bandeji, mizere yake inkalondolana ngati mkeka wolukidwa bwino. Anawameta ndevu, anawawenga zikhadabo, ndipo atamva kuti ndife Asilamu anatembenuza bedi kuti achimwene aziswali atayang'ana koyenera. Ndinkangoyang'anitsitsa manja awo mpaka kuiwala kuti ndili pakati pa odwala.

Komabe mtima wanga unakana. Amuna awo ndi apolisi, aja osavala yunifomu. Anesi anzawo onse ankatilambalala, nanga iwowa chifundo chotere anachitenga kuti? Ndinakumbukira muja munkatiuzira kuti mlendo akafunsa za pakhomo, tizingoti sitikudziwa.

Tsiku lina akumanga bandeji anafunsa chapansipansi, "Achimwene, apa anakumangani ndi chiyani?" A Saidi atati atsegule pakamwa ndinawatsina pamkono. "Palibe anawamanga, chinawadula ndi chingwe cha khoka," ndinatero. Anesiwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino. Adokotala akafunsa, nanenso ndinena chingwe cha khoka." Anapitiriza ntchito yawo, manja ali ofewa ngati poyamba.

Mpaka lero sindikudziwa, Amayi. Ankatitchera msampha, kapena ankatiphimba? A Saidi akuti ndine wouma mtima. Akuti chiwagwirireni, palibe amene anawakhudza ngati munthu kupatula mayi ameneyu, ndipo akamanena zimenezi misozi imalengeza. Ine galimoto ikaima kumsewu ndimasuzumirabe pazenera.

Tinatuluka m'chipatala osatsanzika, ndinawafulumizitsa dala. Tsopano akuyenda ndi ndodo mpaka kumzikiti, ndipo andikakamiza kuti ndikawapatse anesiwo chambo. Ndawamba kale zazikuluzikulu. Ndikukulonjezani kuti ndipita ndekha, ndikagwada, ndikathokoza ndi mtima wonse, pakuti miyendo ija anaipulumutsa ndi iwo. Koma akati tiyeni kunyumba mukamwe tiyi, Amayi, mundikhululukire, ndikakana.

Ndine mwana wanu amene amakukondani,
Patuma