Manachesi Sanavunde

Mwanza Boma
14 Meyi 2024

Okondedwa achimwene a Aubrey,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno mvula yatha, ndipo mipikisano ya njinga zamoto yayambanso.

Chichokereni inu mutathyoka mwendo, anthu timu yathu ya Manachesi anali ataiika kale m'manda. Pa boda madalaivala a mathiraki ankalosera kuti chaka chino tikhala kumchira. A Hafizi, osintha ndalama aja, ankauza aliyense kuti, "Manachesi opanda Aubrey ndi makoko okhaokha." A Sudi nawo, amene amatigulira petulo, anandiitanira kushopu kwawo n'kuti, "Langton, Loweruka mukapanda kulowa m'gulu la atatu oyamba, ine ndisiya. Petulo sindingamathirire dimba."

Tsopano ndikuuzeni zimene ndakhala ndikuzizemba pa foni. Njinga yanu akukwera ndi Tadala, mchemwali wathu. Wakhala akuphunzira mumsewu wa ku Thambani kuyambira Januwale. Ndinkaopa kuti mukaniza, poti munalumbira kuti m'nyumba mwathu simudzatulukanso wothamangitsa njinga.

Loweruka tinapita ku Blantyre pa minibasi yodzaza ochemerera, ngakhale ambiri anabwera kudzaona mmene mtsikana agwere. Ndipo anagwadi, achimwene, pa kona yoyamba penipeni. Koma anadzuka, n'kuimika njinga yekha, n'kuyamba kuwatola anzake mmodzimmodzi m'fumbi muja. Pozungulira komaliza anatsala ndi awiri kutsogolo. Mmodzi wa iwo, mnyamata wa ku Ntcheu, anakhota kona motalikira kwambiri, Tadala n'kulowera mkati. Anamaliza wachiwiri, wopambana atangomusiya ndi tayala limodzi.

A Sudi anataya kofia m'mwamba ndipo sanaipezenso. Ine ndinathamangira kwa Tadala misozi ili m'maso, chigongono chake chikuchucha magazi, koma iye anangoti, "Muwauze a Aubrey kuti buleki yakumbuyo imachedwa kugwira. Ankapirira nayo bwanji?"

Panopa pa boda nkhani ndi ina. Madalaivala aja akuti chikho chibwera ku Mwanza mipikisano isanathe n'komwe, ndipo a Hafizi akulumbira kuti iwo anadziwa kale. Ine ndikuti tikhala achiwiri, chifukwa injini yakalamba, koma sindinena mokweza.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Mutitumizireko helumeti yaing'ono, yanuyi imamugwedera. Ndipo mumuimbire foni Tadala. Akunamizira kuti alibe nazo ntchito, koma foni ikangolira amayang'ana kaye nambala ngati ndi yakunja.

A Sudi akupereka moni, alamu anu a Lucia chimodzimodzi. Amayi nawo akuti moni wambiri. Mpikisano sanauonere, anakhala m'minibasi atadzifunditsa chitenje kumutu, akupemphera. Koma dzulo ndinawapeza pakhonde akubweza manja a jekete lanu lachikopa kuti limukwane Tadala. Anati dzina lanu lili kumsanalo salichotsa, la Tadala alisokera pansi pake.

Ndine mng'ono wanu,
Langton