Kompyuta Yachiwiri ya ku Esiteti

Okondedwa achimwene a Lafaele,

Ndikhulupirira muli bwino ku Harareko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Mulanje tilipo, kungoti amayi mwendo ukuwavutabe.

Ku ofesi ya esiteti kwabwera kompyuta yachiwiri. Pulogalamu yanga ija yokonza ndondomeko yothyola tiyi inakana kuyenda pa yatsopanoyi. Abwana anati, "Zikakanikanso tiitana munthu wa ku Blantyre, iwe ubwerere kukayeza masamba ku sikelo."

Mtima unandipweteka, koma sindinagonje. Ndinapeza kuti malangizo amene ndinalemba omangira pulogalamuyo ankangoona dzina la makina, n'kuganiza kuti pulosesa ya m'katimo, ubongo wa kompyuta, ndi yomwe ija ya m'kompyuta yakale. Chonsecho makinawa dzina n'limodzi, koma mapulosesa ndi osiyana. Malangizowo ndawalembanso kuti aziyamba ayesa pulosesayo ndi kantchito kamene yakale singathe, ndipo akalephera kuizindikira aziima n'kunena, osati kungolota. Dzulo pulogalamu yayenda pa makina onse awiri abwana akuonerera. Anangoti, "Pitiriza," n'kutuluka.

Chonde mundifunire buku lofotokoza mapulosesa, muwapatsire amalume pobwera. Akuti kudzabweranso kompyuta yachitatu, ndipo ndikufuna idzandipeze ndili wokonzeka.

Ambuye akusungeni nonse kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Feliki