Denga Lotembenuka la Bambo a Sheila

Lachiwiri, 18 Novembala 2003

Mvula yoyamba, cha m'ma 2 koloko. Ine kumunda, kutsidya kwa dambo. Bambo a Sheila okha pachisakasa. Ndathamanga mpaka chifuwa kuwawa. Ndawapeza atanyowa thupi lonse, madzi akutsika m'ndevu, bulangeti lolemera ngati thumba. Denga lili chitsegukire.

Denga lomwe anapanga okha chaka cha referendamu. Matabwa khumi ndi anayi a mlombwa, lililonse lotembenuka pa bawuti, onse olumikizidwa ku chitsulo chimodzi chachitali. Ukakankha mpini wa pansanamira matabwa amaimirira, dzuwa n'kulowa. Ukaukoka amagona, lina pamwamba pa linzake. Anaziona pa esiteti ya fodya ku Chipata ali mnyamata, n'kubwera nazo m'mutu. Anthu ankachoka ku boma kudzaonerera. "A Fletcher, mutu wanuwu si wa kuno ku Mlonyeni," ankatero.

Koma mpiniwo umafuna munthu woimirira, wa manja awiri. Iwo chiwagwetsereni sitiroko mu Ogasiti, mbali yonse ya kumanja inafa. Mawu anatsala atatu: ayi, basi, iwe. M'nyumba safunamo, amagogoda bedi ndi ndodo mpaka ndiwatulutse. Ndikatseka denga pochoka amazizidwa, miyendo imauma. Ndiye ndimalisiya lotsegula.

Ndawapukuta, ndawasintha zovala. Sanandiyang'ane. Maso pa mpini.

Lachinayi, 20 Novembala

Kudzala chimanga, maso kumwamba. Kamtambo kakangoda, khasu pansi, liwiro. Kawiri konse ndathamangira pachabe. Anzanga atsiriza, ine theka silinakwane.

Kalata ya Sheila kuchokera ku Lilongwe. Kuntchito samulola mpaka Khrisimasi.

Ndikuganiza za Lameki. Zaka zisanu ndi ziwiri anaphunzira ukalipentala kwa bambo a Sheila, kenako n'kukatsegula yake shopu yowotcherera. Chichokereni salankhulana. Bambo ankamutcha wosula zitini.

Loweruka, 22 Novembala

Ndapita. Lameki ali ndi imvi tsopano, sindinadziwe. Wazimitsa makina, wandipatsa mpando, wamvetsera mpaka kumapeto.

"Amayi, akandiona adzandigenda."

Ine: "Ndi dzanja liti?"

Mawuwo atuluka okha. Njira yonse yobwerera manyazi.

Lolemba, 24 Novembala

Wabwera pa njinga m'mawa. Chipewa m'manja, wanjuta patsogolo pawo. "Mwadzuka bwanji amisiri?" Bambo nkhope kumbali. Ayi, ayi, ayi.

Lameki wayeza ndi tepi, wakwera pamakwerero, wafotokoza maganizo ake: tcheni cha njinga ndi pedulo pafupi ndi mpando, azipukusa ndi dzanja lamanzere. Wawapatsa pedulo kuti ayese. Kamodzi anazunguza. Kachiwiri dzanja linagwa. Aponya pedulo pansi. Basi.

Lameki wapita osamwa ngakhale thobwa.

Lachitatu, 26 Novembala

M'mawa akuloza kuseri kwa khutu. Ndayang'anamo, ndimayesa nyerere. Akwiya. Mpaka ndakumbukira: n'pomwe ankapanira pensulo.

Pensulo, ndi kuseri kwa kalendala ya mpingo. M'mawa wonse akujambula ndi lamanzere, lilime kunja, thukuta kamukamu. Mizere yokhotakhota ngati ya mwana wa Sitandade 1. Sindinapite kumunda. Sindinamvepo kanthu pa chithunzicho, koma ndapita nacho.

Lameki wachiyang'ana nthawi yaitali, wachitembenuza, kenako waseka, kenako wapukuta m'maso ndi malaya. Akuti ife timaganiza chambuyo. Wodwala asavutike ndi kutseka. Denga lizifuna kutsekeka lokha nthawi zonse, chifukwa cha chitsulo cholemera chopachikidwa kumapeto. Ine m'mawa ndizilitsegula n'kukola kachitsulo ngati ka pageti. Mvula ikabwera iwo angokoka chingwe, kachitsulo kachoke, cholemera chitsike.

"Mutu ukadalipo wonse, amayi," watero. Ndikudziwa. N'chimene chimapweteka.

Loweruka, 29 Novembala

Zatheka! Cholemera ndi gudumu lakale la pulawo lothiridwa simenti. Chingwe cha nayiloni chobiriwira, Lameki wachimanga yekha pa mkono wamanzere wa mpando.

Bambo akoka. Matabwa onse khumi ndi anayi, phwa! Mthunzi. Aseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, dovu likutsika, osasamala. Aloza mpini kuti nditsegulenso. Akokanso. Kakhumi ndi kamodzi, mpaka mapewa anga kuwawa. Mayi Dyna a nyumba yoyandikana nafe anabwera kudzaona phokoso, akoka nawonso, akuwa ngati mtsikana.

Chiyambire Ogasiti ndi lero adya n'kumaliza mbale.

Lachiwiri, 2 Disembala

Mvula ndi mphepo. Ndathamangabe, mtima sunakhulupirire. Ndili patali ndaona denga lagona. Atseka okha.

Koma likudontha. Madzi akulowa m'mipata momwe matabwa amakumana, madontho pabulangeti, ena pamutu. Mphepo ikumanyamula matabwa awiri akumapeto n'kuwamenyetsa. Kale zinalibe kanthu, munthu unkangosuntha mpando. Iwo akuloza mpata uliwonse ndi ndodo, umodziumodzi, ngati akuwerenga milandu.

Lachisanu, 5 Disembala

Lameki tsiku lonse. Wabwera ndi chubu chakale cha thirakitala, wachicheka malegeni, wakhomera m'mphepete mwa thabwa lililonse kuti potseka mphira uzipanikizana. Timalata topinda ngati ngalande kumunsi kwake, madzi azitsikira kumbali. Wawonjezera simenti pa gudumu chifukwa cha mphepo. Girizi pa mabawuti onse.

Bambo kapitawo. Msomali ukatalikirana ndi unzake, ndodo pansanamira, kho! "Iwe!" Lameki: "Pepani amisiri," n'kuzula. Ine kukhitchini ndimangomva, ngati zaka za kale zija, shopu ili kuseri kwa nyumba, fungo la utuchi. Ndinakhala pansi pang'ono.

Pomaliza Lameki wakwera ndi ndowa zitatu, wakhuthulira pamwamba. Pansi pouma gwa. Bambo ayang'ana m'mwamba nthawi yaitali. "Basi." Koma basi wabwino. Atambasula dzanja lamanzere, Lameki walilandira ndi manja awiri.

Lachinayi, 11 Disembala

Tagwa. Powachotsa pabedi kupita pampando, msana wanga unangoti thyo, miyendo n'kutha mphamvu. Tonse pansi pakhomo, iwo pamwamba pa mwendo wanga. Kudzuka osatheka. Ndaitana, ndaitana. Mayi Dyna anamva patapita nthawi. Pofika anapeza bambo atadzinyowetsa. Anayang'ana kumbali, mayi wabwino, koma bambo anaona kuti aona.

Masana ndikuwadyetsa phala agwira dzanja langa. Pakamwa pakuvutika, pakuvutika. Kenako mawu atsopano, oyamba m'miyezi inayi:

"Mwatopa."

Ndakana. Ndaseka n'kuseka komwe. Abwerezanso.

Lamulungu, 14 Disembala

Alamu a Jailosi, mng'ono wawo, tikuweruka kutchalitchi. Anadzera kumunda kwathu. Akuti udzu wapitirira chimanga. Akulankhula ali chiimire pafupi ndi mpando, ngati pampandopo pali thumba la mtedza.

"Alamu, chaka chino mudya chiyani? Achimwenewa kudzuka ndiye sadzukanso. Munda ukufa, inunso mukufa."

Ndinawatsinzinira diso. Sanamve. Atapita, bambo akana chakudya. Akana ndi wailesi yomwe.

Lachitatu, 17 Disembala

Ndilembe momwe zinalili, mwina mutu ungaleke kuzungulira.

M'mawa anadya pang'ono. Ndinawaveka juzi yabuluu, ndinatsegula denga, ndinakola kachitsulo. Chingwe chinali pamalo pake, ndinachigwira. Pochoka anandiyang'ana mpaka ndinakhota pa nkhokwe. Ndinaona ngati zabwino.

Mvula inayamba cha m'ma 1 koloko, yamatalala, yozizira. Sindinathamange. Koyamba chiyambire dzinja sindinathamange. Ndinabisala pansi pa mtengo wa mango ndi amayi ena, tikucheza za feteleza, mtima uli m'malo. Ola lathunthu ndi theka.

Pofika, denga lotsegula. Iwo atawerama pampando, matalala m'miyendo, milomo yotuwa, thupi ngati mwala wa kumtsinje. Akupuma.

Chingwe sichinali pampando. Chinali pansi, uko, kuseri kwa nsanamira. Sichinaduke. Chinamasulidwa. Mfundo ya Lameki ija, yomwe ine ndi manja awiri sindikanaimasula msanga. Kumapeto kwake kuli zizindikiro za mano.

Ndinachitola, ndinachimanganso pampando, kenako m'pamene ndinakuwa kuitana Mayi Dyna. Chifukwa chake sindikudziwa. Manja anangochita.

Lachisanu, 19 Disembala

Chipatala cha ku boma. Chibayo, mbali zonse ziwiri. Anamwino akuyesetsa, jakisoni, diripi. Sheila wafika ndi basi ya m'mawa.

Iye atapita kukatunga madzi ndinawerama pakhutu pawo. "Bambo a Sheila, chifukwa chiyani?" Anatsegula maso, anandiona bwinobwino. Anatsekanso.

Loweruka, 27 Disembala

Anatisiya Lamulungu, dzuwa likutuluka. Tinaika Lachiwiri. Bokosi anakhoma Lameki, la mlombwa, anakana kuti wina aligwire. Abusa analalika za mtumiki wopirira mpaka kumapeto. Ine maso pansi.

Khrisimasi inadutsa, sindinaione.

Loweruka, 3 Januwale 2004

Nkhani yafika kudzera kwa Mayi Dyna. A Jailosi akuuza anthu kuti ndinatopa nawo amuna anga, ndinawasiya dala pamvula. Abale akumana Loweruka likudzali, ndikayankhe.

Ndikanena zoona? Kuti mkulu wa mpingo, zaka makumi awiri akugawa mgonero, anamasula yekha chingwe ndi mano? Dzina lawo lidzakhala limenelo mpaka kalekale. Sheila adzayenda nalo. Ndipo a Jailosi adzafunsa chimene chinawafikitsa pamenepo. Ndidzati mawu anu, alamu? Kapena msana wanga?

Lachiwiri, 6 Januwale

Lameki. Waonda. Akuti chiikireni maliro chakudya sichikulowa, akuganiza kuti chitsulo chake ndicho chinapha amisiri. Wapempha kuti ayese denga lija.

Watsegula, wakola, wakoka. Phwa. Katatu. Wathira madzi pa kachitsulo, wakokanso ndi chala chimodzi. Phwa.

Kenako waona mfundo. Wagwada, waigwira, waona kumapeto kwa chingwe.

"Amayi, mfundo iyi si yanga."

Sanafunse kanthu. Wakhala pansi m'fumbi, chipewa kumaso, mapewa akugwedezeka. Podzuka wati Loweruka abwera, adzanena kuti kachitsulo kanakanirira.

Ndakana. Ndati adzakubweretseraninso ntchito ndani, muli ndi ana asanu. Iye: "Sowo anandigwiritsa ndi iwowa. Zitini ndidzasula."

Loweruka, 10 Januwale

Anasonkhana pachisakasa pomwepo, anthu khumi ndi awiri, ndi akulu a mpingo awiri. Sheila anabweranso dzulo chifukwa cha zimenezi. A Jailosi analankhula nthawi yaitali. Asanandipatse mpata Lameki anaimirira.

Anati matabwa anafufuma ndi chinyezi, kachitsulo kanapanikizika, wodwala anakoka koma kanakana. Anati analakwitsa muyeso ndi iyeyo, ndipo wakonza Lachiwiri lapitali. Mawu osanjenjemera. A Jailosi anamutukwana pamaso pa anthu, anamutcha wakupha, mmisiri wabodza. Iye anangoti, "Ndalakwa, pepani."

Ndikanatha kuimirira. Sindinaimirire.

Abale anandipepesa, anapemphera, anabalalika. Madzulo ano Mayi Dyna akuti a Benedict, kasitomala wake, akatenga kale ngolo yawo kushopu kwa Lameki, isanathe n'kuwotcherera komwe.

Lolemba, 12 Januwale

Sheila amayenera kukwera basi ya m'mawa. Sanakwere.

Ndikutsuka mbale ndinamva phwa. Kenako mpini. Kenako phwa. Ndinatuluka. Chikwama chake pansi, iye pampando wa bambo ake, chingwe m'manja, akuyang'anitsitsa kumapeto kwake.

Akuti anafunsa Mayi Dyna za Lachiwiri lija, anamuuza kuti Lameki anabwera chimanjamanja, wopanda ngakhale hamala. Ndiye anakonza ndi chiyani?

"Amayi, ine si mwana. Mundiuze za adadi."

Ndati dikira ndivale mpango. Ndalowa kuchipinda, ndatenga kope ili m'malo mwa mpango. Ndimati mwina ndimupatse awerenge yekha, kuyambira pa 11 Disembala. Koma ayi, zotere mwana azimve pakamwa pa mayi ake. Ndipo akamva, tipite tonse kwa a Jailosi, Lameki asafere zathu. Kapena tisapite. Sindikudziwa.

Akuitananso. Ndiyambire pati, pa tsiku lomwe tinagwa kapena pa