Pepala Lako Sindinasaine

La Peña, 9 Meyi

Wokondedwa mwana wanga Yokasta,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino ku Santo Domingo kumeneko. Chifuwa chija chinatha? Kuno tili bwino, kungoti bondo langa limadandaula mvula ikayandikira. Koko wathu, mbewu ya chokoleti ija, wacha bwino chaka chino, makamaka kumunda wakumtsinje umene anadzala malemu bambo ako.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pa foni umalankhula ngati akukuthamangitsa, ine n'kumangoti eya, eya, ndisanamve kanthu. Papepala sundidula pakamwa.

Pepala lako lija sindinasaine. Ndikuuze chifukwa chake.

Utabwera pa Pasaka unasiya mapepala anayi patebulo. Unati ndi za kusukulu, kuti m'kalasi lanu la malonda a pakati pa mayiko aliyense ayenera kuyambitsa kakampani kake. Unapemphanso chitupa changa ndi pepala la munda kuti ujambule. Ndinakupatsa, koma mtima sunakhale pansi. Sukulu yanji yofuna pepala la munda wa mayi wamasiye?

Utapita anabwera bambo ako aang'ono a Fermín kudzaona koko amene tinayanika. Ukudziwa kuti chimwalirireni bambo ako, zaka khumi ndi ziwiri tsopano, ndi iwo amene amatigula koko yense. Ndinawaonetsa mapepalawo. Anavala magalasi, kuwerenga pang'ono, n'kuseka. Amvekere, alamu, mwaphunzitsa mwana kuti akudyeni mwaulemu. Akuti ana a kukoleji masiku ano amalembetsa munda wa makolo m'dzina la kampani, kenako n'kukaupinyolitsa kubanki, mayi n'kudzapezeka akugulitsa nthochi zokazinga pamsewu.

Ndinawayankha kuti Yokasta wanga si wotero. Pakamwa ndinatero, koma atachoka ndinayamba kukumbukira zinthu. Nsapato zatsopano zija. Momwe unkandifunsira kuti thumba limodzi amatipatsa mapeso angati, n'kumalemba mufoni. Momwe unatsekera kompyuta nditalowa m'chipinda. Ndiponso mzungu uja wa ku Belgium amene anakuimbira tikudya, iwe n'kudzuka kukalankhula Chingerezi kuseri kwa khola la nkhumba.

Tsopano ndiulule. Lachiwiri lapitali ndinakwera basi ya m'mawa kubwera ku Santo Domingo osakuuza. Ndinkafuna kuona ngati ukuphunziradi, kapena ngati pali mwamuna amene akukuyendetsa. Ndinakuona pasukulu panu ndi maso angawa, utakhala pansi pa mtengo ndi anzako awiri, buku pamiyendo, ukudya mpunga ndi nyemba za m'kakontena. Ndinabisala kuseri kwa galimoto ya eni ake ngati wakuba, ine mayi ako.

Kenako ndinafunsira ofesi ya mphunzitsi amene dzina lake lili pamwamba pa pepala lako, mayi Quezada. Ndinanama kuti ndine azakhali ako. Anandipatsa mpando ndi khofi. Anati inde, ntchitoyo ndi ya kusukulu, koma anzako onse anangopeka makampani a papepala. Ndiwe wekha amene unakana kupeka, unafuna kugulitsa koko weniweni. Anati pepala la munda limafunika kuti ogula akunja adziwe kumene koko wachokera, silisintha mwini munda. Wogulayo akuti ndi mzungu wa ku Belgium uja, ndiye ndinafunsa mtengo umene akulonjeza. Atatchula ndinawapempha abwereze, poganiza kuti makutu andinamiza. Ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri zimene a Fermín amandipatsa.

Potsanzikana mayiwo anamwetulira, amvekere, azakhali kufanana mphuno ndi mwana chonchi sindinaonepo. Ndinatuluka nkhope ikutentha.

M'basi pobwerera sindinaone ngakhale msewu. A Fermín, munthu amene ananyamula bokosi la bambo ako, amene amakhala kumutu kwa tebulo langa pa Khirisimasi iliyonse. Mwina pali zimene sindikudziwa, mafuta a lole, antchito, msonkho. Mwina. Dzulo ndinawafunsa kuti alamu, inu kudoko mumagulitsa bwanji? Anayamba kukamba za mvula, kenako anakumbukira kuti akuwadikira kwina.

Koma usaganize kuti ndakhulupirira zonse. Mayi Quezada ndi mphunzitsi wako, akhoza kukuikira kumbuyo. Mzunguyo sindinamuonepo nkhope, ndipo munthu wolonjeza zambiri ali kutsidya la nyanja ndimamuopa. Chinanso, patsamba lachitatu pali mawu akuti woyang'anira kampani, pambali pake dzina lako, osati langa. Zimenezi palibe amene wandimasulira.

Ndipo ichi ndiye chikundiwawa. Ngati unadziwa za bambo ako aang'ono, unandibisiranji? Unandiona ngati munthu wongosaina basi? Kapena unkaopa kuti ndikawauza? Ngati ndi choncho sunalakwe kwenikweni, poti ndinawauzadi.

Pempho langa ndi ili. Mayeso akatha ubwere. Ukhale pampando, undiwerengere mapepalawo mzere ndi mzere, m'mawu a kuno kumudzi, osati a kukoleji. Pamene sindikumva ndikufunsa, ndipo usandiusire moyo ngakhale ndifunse katatu. Tikatha tiwaitane a Fermín, unene zimene ukudziwa iwo ali pomwepo, nawonso ayankhe. Ndikufuna ndione nkhope zanu nonse awiri nthawi imodzi.

Lole yawo inabwera m'mawa uno kudzatenga koko. Ndinaibweza yopanda kanthu. Matumba onse ndaunjika m'chipinda chako, kiyi ndamangirira m'khosi. Ukabwera ugona ndi ine.

Undikhululukire za kubisala kuja, ndipo mayi Quezada uwauze wekha kuti ndine ndani. Upereke moni kwa msuweni wako Dilenia amene ukukhala naye, umuuze kuti mayi ake akudandaula kuti saimba foni. Mulungu akusunge, akupatse mutu wabwino pa mayeso.

Ndine mayi ako,
Eduviges