Bambo Petersen sanabwere kudzamwa khofi

Masiphumelele, Cape Town
14 Ogasiti 2018

Okondedwa achimwene a Ramazani,

Salamu aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Nanga amayi ali bwanji? Mwendo uja ukutupabe? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwandikhaulitsa. Mwezi watha madzi a mvula analowa m'kanyumba kanga mpaka ndinakweza matiresi pamakreti.

Ndikugwirabe ntchito ku Fish Hoek, pamalo omwera khofi a mayi Dorothy. Mu Meyi, tsidya lina la msewu kunatsegulidwa shopu yaikulu ya khofi, ya kampani yomwe ili ndi mashopu m'dziko lonse lino. Anthu athu ambiri anathamangira kumeneko. Abwana anatiuza kuti zinthu zikapanda kusintha pofika Seputembala atseka. Mudziwa kuti mlendo ngati ine ntchito sindingaipeze msanga, ndiye mtima sunali m'malo.

Tsiku lina anandikalipira kuti ndimachedwetsa mzere ndi macheza. Ankanena zoona. Ine munthu akalowa ndimamutchula dzina, ndimadziwa amene sathira shuga chifukwa cha matenda, amene amafuna mkaka wotentha, amene mwana wake akulemba mayeso. Kutsidyako amafunsa dzina n'kulilemba pakapu yapepala, mawa n'kufunsanso. Komabe ndinapepesa n'kuchepetsa kulankhula.

Mwa anthu amene sanatithawe munali bambo Petersen, mkulu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, yemwe kale ankakonza mainjini a maboti. Akazi awo anamwalira, ndipo ankakhala okha. Ankafika naini koloko tsiku lililonse, n'kukhala pampando wapazenera. Khofi wawo ankamwa wopanda mkaka, m'kapu yadothi, yapepala ankaikana. Ndi okhawo amene anaphunzira kutchula dzina langa bwino, enawo amangoti Tina.

Lachiwiri la sabata yatha sanabwere. Ndinati mwina ndi mvula. Lachitatu kunacha bwino, naini inakwana, teni inakwana, mpando uli wopanda munthu. Ndinapempha abwana kuti ndikawaone, pakuti nyumba yawo ndinkaidziwa, ndinawaperekezapo atadwala chizungulire.

"Tabia, ife timagulitsa khofi, si chipatala chino," anatero abwana. Anayang'ana mpando uja kanthawi, kenaka anati, "Vula epuloniyo, pita msanga."

Ndinagogoda, zii. Nyuzipepala ziwiri zinali pakhomo zosatoledwa. Nditasuzumira pazenera la kukhitchini ndinaona mapazi pansi. Ndinathamangira kwa aneba, iwo anathyola chitseko n'kuitana ambulansi. Mkuluyo anagwa Lachiwiri m'mawa akuvala nsapato, ndipo anagona pasimenti yozizira tsiku lonse ndi usiku wake. Mbali imodzi ya thupi inali itafa. Ndinawafunditsa juzi yanga n'kumawaitana dzina mpaka ambulansi inafika.

Mwana wawo wamkazi anabwera kuchokera kumzinda wa Joni. Analemba nkhaniyi pagulu la WhatsApp la anthu a m'deralo, ndipo kuyambira Loweruka shopu ikumadzaza. Ena ndi akale aja abwerera, akulowa mwamanyazi. Mayi wina anabwera ndi apongozi ake okalamba n'kundiuza kuti ndiwaloweze nkhope. Abwana akuti zotseka zija tiiwale. Alemba pagalasi la kutsogolo mawu a Chingerezi otanthauza kuti pano timakudziwani ndi dzina, ndipo agula kope loti anzanga azilembamo zomwe munthu aliyense amakonda. Anafuna kuikanso chithunzi changa pakhomo, koma ndinakana. Sindikufuna nkhope yanga ikhale yoitanira malonda pa tsoka la munthu. Anandimvetsa.

Anthu akundiyamikira, achimwene, koma ine mtima ukundipweteka. Dokotala anauza mwana wawo kuti akanapezeka tsiku loyamba lija, mwina bwenzi akuyenda. Ine ndinaona kuti sanabwere, n'kungoti ndi mvula. Lamlungu ndinakawaona kuchipatala. Kulankhula kukuvuta, koma anandizindikira ndipo anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Akatuluka mwana wawo apita nawo ku Joni, ku shopu kwathu sadzabweranso.

Tsopano pempho langa ndi ili. Chimwalirireni abambo, amayi akugona okha m'nyumba muja, ndipo mukudziwa kuti magazi awo amathamanga. Inu mumawaona Lachisanu pochokera kumzikiti, ine ndimaimba foni Lamlungu. Masiku enawo ndani amadziwa ngati adzuka? Ndikudziwa kuti kugolosale kumakutangwanitsani, koma popita m'mawa muzikhotera kwawo, ngakhale kungoodira pakhomo mpaka ayankhe. Tsiku limene simungathe, alamu apite. Amayi akakana kuti sakudwala, musawamvere, ndipo musawauze kuti ndakutumani ndine, angayambe kudandaula kuti kuno ndikuvutika maganizo. Chitseko chikakhala chotseka dzuwa litakwera, musadikire mawa.

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume a Hamis ndi banja lawo ku Ntaja, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Muwauze amayi kuti juzi ndiwatumizira munthu wodalirika akapezeka wobwera kumudzi. Bambo Petersen muwakumbukire pa dua zanu, ngakhale simukuwadziwa.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Tabia