Ndinakanda Chowerengera cha Tereza

Alamu,

Pepani kuti ndikukuvutitsani muli pa ntchito. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi achemwali anga? Kuno ku Ngabu tili bwino, kupatula kutentha ndi mwendo wa amake Tereza umene ukadali wotupa.

Chipangizo chamagetsi chowerengera mabuku chimene munatumizira Tereza, kuti maso asamamupweteke ndi foni, chinafika Lolemba. Koma ndikulemba ndi manyazi. Nditatsegula bokosi, ndinaona pagalasi pali chithunzi cha mtengo, chosawala konse. Ndinaganiza kuti ndi pepala limene akusitolo anamata, ndipo ndinafuna kuti mwana achipeze choyera. Ndinayesa ndi chikhadabo, zinakanika. Ndinanyowetsa kansalu, zinakanikanso. Kenako ndinatenga lezala.

Lachitatu ndinapita nacho kwa mayi wotchaja mafoni pamsika. Anagwira pakamwa. "Kalanga ine baba, mwachisenda ngati chinangwa! Limeneli si pepala, ndi galasi lake. Limasunga chithunzi ngakhale chitazima." Anthu odikira mafoni anaseka, ine ndinangoyang'ana pansi.

Chikuyaka ndithu, koma kumanzere kuli chipsera chakuda, ndipo mawu oyamba a mizere isanu sakuoneka. Mizereyo ndaiwerenga kawiri, ndi isanu ndithu.

Tereza akubwera kuchokera ku koleji Loweruka, ndipo wauza kale anzake za chowerengerachi. Amake akuti tinene kuti chinaphwanyika m'basi, koma sindingathe kunamiza mwana wanga. Chonde ndiuzeni ngati galasili limasinthidwa. Ndikupemphanso kuti musamuimbire kaye, ndimuuze ndekha. Yankho lanu lindipeze Loweruka lisanafike.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlamu wanu,
Zuze