Mchenga m'Chitini cha Mchere

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Malomo tili bwino, koma amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Imvani zimene andichita a Nasimango, mphunzitsi mnzanga amene ankalimbirana nane Sitandade 8. Lachiwiri kunabwera woyendera sukulu. Nditatsegula chitini cha mchere wophunzitsira sayansi, ndinapeza mwathiridwa mchenga. Kiyi wa kabati yosungiramo chitinicho tili naye awiri basi, ine ndi a Nasimango, ndipo iwo anali pawindo, akumwetulira.

Ndinati, "Ana inu, lero tilekanitsa ziwirizi." Tinathira madzi, mchere n'kusungunuka. Tinasefa ndi kansalu, mchenga n'kutsalira. Kenaka tinawiritsa madziwo mpaka anaphwa, mchere uli mbee pansi pa poto. Woyendera uja anawomba m'manja.

"Mwachita mwayi," anandinong'oneza a Nasimango.

Mwayi? Sindinawakhululukire, achimwene. Mchengawo ndaumanga m'kansalu. Lachisanu, pamsonkhano wa aphunzitsi, ndikawapatsa m'manja pamaso pa ahedi, alawe manyazi amene anandikonzera.

Chonde munditumizire loko wolimba. Mulungu akusungeni m'mgodimo.

Ndine mlongo wanu,
Esinati